Kapepala ka Pensulo mu Sipiliti

Lolemba m'mawa mkulu wina wa jekete yotuwa analowa mu labotale yathu, naika kabotolo patebulo langa, n'kutuluka osasiya dzina. M'kabotolomo munali tizilombo toyamwa masamba, tomizidwa mu sipiliti, ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo: "Malalanje, masamba achikasu."

Ntchito yanga ndi kuwerenga majini, zizindikiro za chibadwa, a mabakiteriya amene tizilombo totere timasiya m'mitengo, n'kuona kuti ndi a banja liti. Patatha milungu itatu ndinapeza kuti a m'kabotolo aka alibe banja lodziwika. Ofanana nawo anali m'firiji mwathu mokha, m'kabotolo ka zaka makumi awiri zapitazo, kolembedwanso ndi pensulo, kopanda dzina. Amene anakatola tinkangowatchula kuti a Pensulo.

Unali mtundu watsopano. Koma mtundu watsopano sulowa m'kaundula popanda dzina la wotola ndi munda wake. Mkulu uja akanapanda kubweranso, ntchito yanga ikanathera m'firiji.

"Wayambanso kulota masana?" anandiseka mnzanga wa pa maikulosikopu. "Dzulo unkati mkulu uja ndi kazitape. Lero ndi ndani?"

"Ndi wa ntchito yathu yomweyi. Munthu wamba akanalemba ndi bolopeni, sipiliti n'kufufuta zonse."

Ndinatembenuza tebulo langa kuti liyang'ane pakhomo. Lachinayi mkulu uja anatulukira ndi kabotolo kena, ine n'kukaima pachitseko.

"Bambo, lero simutuluka musanalembe dzina ndi munda."

"Mwapezamo chiyani, mwananga?"

Ndinawaonetsa pa kompyuta chithunzi cha mabanja a mabakiteriya, pomwe kanthambi katsopano kanali pakokha. Anavala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali akumwetulira.

"Ndinkadziwa ine. Nthawi yathu kunalibe makina awa, ndiye ankati ndikulota."

"Nanga dzina mumabisiranji?"

"Mukanandidziwa mukanayeza mofuna kundisangalatsa."

Ndinawapatsa fomu, iwo n'kusolola kapensulo m'thumba.

"Apa pokha, bambo, bolopeni."

Akulemba, abwana athu, mayi wosaseka wamba, analowa ndi mafayilo. Anaima, natsegula pakamwa.

"Ababa, si munati mukupita kokameta?"

Ndinasuzumira pa fomu. Malo onse awiri anali odzaza. Dzina la a Pensulo linali lomwe lija ndimaliwerenga m'mawa uliwonse pachitseko cha abwana.