Mano a Mzime

Mzime anayamba kugwa khunyu asanayambe sukulu, ndipo kuchipatala anamulembera mankhwala amadzi, ofiira, otsekemera ngati uchi. Mayi ake, telala wa pakhonde la sitolo, sankaphonya: supuni m'mawa, supuni madzulo. Kugwa kuja kunaleka. Koma mano anayamba kuchita chikasu, kenako kunyenyeka m'mphepete ngati choko, moti mwana akamwa madzi ozizira ankagwira tsaya n'kulira.

"Mwanayu amaba shuga," anatero apongozi ake a telala. "Inu muli kalikiliki ndi makina, mnzanu ali m'kabati."

Bambo wa mwanayo anangoti, "Amayi akunena zoona."

Telala anakhulupirira. Anagula loko n'kukhoma kabati, koma mano anapitirira kutha. Tsiku lina anapeza Mzime akunyambita milomo, ndipo anamukwapula ndi tepi yoyezera nsalu mpaka miyendo inatuluka mizere.

"Sindinabe, amayi."

"Nanga manowa akudya ndani? Chiswe?"

Tsaya litatupa, anapita naye kwa dokotala wa mano. Dokotalayo anaunika m'kamwa kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati pali mankhwala amene mwanayo amamwa tsiku ndi tsiku. Telala anatulutsa botolo m'chikwama.

"Ndi awa," anatero dokotala. "Mankhwala ambiri a ana amathiramo shuga kuti asawawe, ndiponso amakhala ndi asidi. Akakhalitsa m'kamwa amadya kunja kolimba kwa dzino. Akangomwa, azichukucha ndi madzi. Mswachi muzidikira kaye, chifukwa nthawi imeneyo dzino limakhala litafewa."

 Telala ankati mwana akangomeza, pomwepo mswachi, kukwecha mwamphamvu ngati akutsuka poto.

"Palibe anandiuza, adokotala."

"Ndikudziwa, mayi. Koma musasiye kumumwetsa. Mukafunse kuchipatala ngati alipo opanda shuga."

Dokotala anamuzula Mzime mano atatu. Akutsogolo adzamera ena, anatero dokotala, koma akumbuyo aja ndi achikulire kale, ndipo kunja kwake kukatha sikubwerera.

Kunyumba apongozi anamvetsera nkhani yonse akusenda mbatata, osadzutsa mutu.

"Madokotala a masiku ano. Mankhwala angachize mutu n'kudya mano?"

"Zatha izo, bola tadziwa," anatero bambo wa mwana, n'kukweza wailesi.

 M'malo mopepesa mwanayo, telala anabweza makasitomala awiri, n'kusoka diresi yamaluwa yokhala ndi matumba, yomwe Mzime ankaipempha kuyambira kalekale. Mwanayo anailandira ndi dzanja limodzi, lina litatseka pakamwa.

"Zikomo, amayi."

Anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa matiresi. Pamene telala ankadzaipeza, inali itamuchepa Mzime.