Tambala wa Maggie

"Amama, m'dengumo muli chiyani?" anafunsa Robson atagwira bwato kuti mayi ake akwere.

"Mtedza," anatero Vainess. "Palasa iwe, dzuwa likukwera."

Anakhala pakati pa bwato, dengu pamiyendo atalivundikira ndi chitenje. Kutsogolo kunakhala Jackson, sikauti wa nyama, mfuti itapingasa pamawondo. Tsidya lija la Luangwa, pansi pa mitengo ya mchenja, kunkaoneka matenti obiriwira a kampu ya alendo kumene Robson ankagwira ntchito yoolotsa anthu. Msewu kunalibe. Mlendo, mchere, palafini, zonse zinkafika pabwato.

Vainess sankapita kukaona njovu. Njovu ankaziona zokwana m'munda mwake ku Chifunda. Ankafuna Maggie, mayi wa ku Chipata amene ankayang'anira kampuyo. Mwezi wathawo, pamene Tryness, mkazi wa Robson, anavutika pobereka, Maggie ndiye anakhala pa wayilesi ya uthenga kukuwa mpaka motoka inapezeka. Anaoloka yekha, nakwera kumbuyo atanyamula mutu wa Tryness pamiyendo mpaka kuchipatala ku Chama. Mayi anapulumuka, mwana anapulumuka. Vainess anatsala kuchipatalako kudwazika mpongozi wake, ndipo anabwerako dzulo lake. Atangofika anamva kuti mvula yayandikira, kampu ikupasulidwa, ndipo Maggie atsika ndi mabwato a katundu kumunsi kwa mtsinje tsiku lomwelo, osadzeranso kumudzi.

Lamulo Robson anali atamuuza kale: tsidya lija ndi paki ya nyama, ndipo chiweto sichilowa m'paki. Vainess anamva. Kumva si kuvomera.

Atafika pakati pa mtsinje, mvuu inafwenthera chapatali. Mtedza uja unayankha.

"Kokoliliko-o-o!"

Robson anasiya kupalasa. Jackson anatembenuka pang'onopang'ono kuopa kugubuduza bwato.

"Amama, mtedza wa chaka chino ukulira bwino," anatero.

"Unauthira fetereza ndiwe? Yang'ana kutsogolo, ng'ona zingatidye."

"Vundukulani."

Anavundukula. Munali tambala wofiira, miyendo yomanga ndi luzi. Ndiye yekha amene anatsala m'khola chichokere chilala chija cha chimanga chachikasu. Ena onse anasinthanitsidwa ndi ufa.

"Uyu safika tsidya," anatero Jackson. "Akatengera chitopa kwa nkhanga, ndidzayankha chiyani?"

"Chitopa? Tamuone lipombo! Ali ndi thanzi kuposa iwe."

"Lamulo, amama."

"Iwe Jackson, ndinakusambitsa uli khanda, manje ukundiuza lamulo? Chabwino. Sindimutsitsa pansi. Akhala m'manja mwanga."

"Iyayi."

"Akhale m'bwato, Maggie angomusuzumira ali pagombe."

"Bwato likakhudza mchenga uja, walowa m'paki. Koma mverani, mpeni ndili nawo. Timuphe pompano, nyama iloledwa."

Vainess anamuyang'ana ngati watukwana. "Kwanu mumathokoza ndi mtembo? Nkhuku ya mlendo amaiona ili yamoyo, aigwire ndi manja ake, amve kulemera kwake. Yakufa adziwa bwanji kuti sinafe yokha?"

"Ndiye muuzeni zikomo pakamwa."

"Zikomo wa pakamwa ndi wa munthu amene wakupatsa moto. Uyu anandipatsa anthu awiri."

Jackson anakanda m'mutu. Bwato linayamba kutengedwa ndi madzi.

"Ine sindikana kuti anachita zazikulu," anatero. "Koma tambalayu akaponda tsidya, wonyamula ndi Robson. Chaka chamawa nkhafi iyi agwira wina."

Vainess anacheukira mwana wake. Robson anangoyang'ana m'madzi. Kunyumba kunali khanda ndi mkazi amene anali asanayambe kutunga madzi.

"Bweza bwato," anatero Vainess.

Atafika pagombe la kumudzi anatsika, naika tambala m'manja mwa Jackson.

"Iwe umalonda njovu. Lero ulonda uyu. Nthenga imodzi ikasowa, ndikafika kwa amako."

"Nanga inu muoloka opanda mfuti?"

"Mvuu zikundidziwa. Ukhale pamthunzi, asamve ludzu."

Robson anaseka koyamba tsiku limenelo. Anaoloka awiri.

Kampu inali pakati pa kupasulidwa. Matenti ena anali atagwa kale, pamalo pake patatsala udzu wofota. Ena anali chiimire, makomo ake atayang'ana kumtsinje, m'kati muli bedi ndi neti. Chidebe chosambira chinali chikulendewerabe pamtengo. Vainess anapukusa mutu. Anthu kuchoka kutali kudzagona m'nyumba ya nsalu, mkango ukulira panja, ndipo amapita akusekerera! Koma sanabwerere zimenezo.

Anapeza Maggie akumanga mapoto m'thumba, thukuta lili kamukamu.

"Amama! Tryness ali bwanji? Nanga kamwana?"

"Ali bwino. Adam akuyamwa ngati walipidwa. Tiyeni tsidya."

"Tsidya? Amama, mabwato akunyamuka masana ano. Mvula ikagwa kumtunda, katundu yenseyu atsekeredwa kuno."

"Ndili ndi mawu anu, koma ali tsidya."

"Nenani pompano, ndikumva."

"Sanenedwa pano."

"Ndithu sindingathe. Chaka chamawa mwina."

Mlendo ndi mame, Vainess ankadziwa. Chaka chamawa ndi nyimbo ya anthu a m'tauni. Anayang'ana uku ndi uku, naona tenti yaikulu itapindidwa, amuna awiri akukonzeka kuinyamula. Anapita nakhalapo, natambasula miyendo.

"Ndiye munyamule ndi ine ndemwe. Ndikatsikira ku Chipata."

Amuna aja anayang'ana Maggie. Maggie anayang'ana Robson.

"Sanyamuka," anatero Robson. "Ndawadziwa kuyambira ndili kumsana."

Maggie anapukuta manja pachitenje, nauza amunawo kuti ayambe apakira mabedi.

Ataoloka anamupeza Jackson atakhala pansi pa mtengo, mfuti pambali, akumwetsa tambala madzi m'chivundikiro cha botolo lake. Vainess anamulanda tambalayo, namasula luzi, nagwada pamchenga. Mawondo ake sankakonda kugwada, koma anagwada. Anamupereka ndi manja awiri.

"Mwananga, ine sukulu sindinapite, mawu ambiri ndilibe. Ndikanakumba manda awiri. Yewo chomene."

Maggie naye anagwada, namulandira ndi manja awiri. Anamukweza pang'ono.

"Akulemera," anatero.

"Ndiye ndimafuna mumve zimenezo."

Kenaka Maggie anapukuta m'maso, nayang'ana Jackson.

"Nanga ndimutenge bwanji? Njira yanga idzera m'paki."

"Musandiyang'ane ine," anatero Jackson. "Ndavutika kale lero."

Maggie anasisita nthenga za tambala, namubwezera m'manja mwa Vainess.

"Manje ndi wanga. Mundisungire, amama. Ndidzamudyera pakhomo panu."

"Mukachedwa akalamba, mudzathyoka mano."

"Ndidzabwera."

Bwato linabwerera tsidya. Masana mabwato a katundu anatsika ndi mtsinje, ndipo patapita masiku ochepa mvula inagwa, Luangwa inadzaza mpaka kumiza malo amene panali matenti.

Tambala anabwerera m'khola lake lomwe lija. Ankadya gaga wa Vainess, ankafukula mbewu zake, ankadzutsa Adam asanakhute tulo. Vainess ankamutukwana tsiku lililonse. Khirisimasi itafika, pakhomo panalibe ndiwo, ndipo Robson anaima pakhola akunola mpeni pamwala.

"Bweza mpeni," anatero Vainess. "Nkhuku ya eni ake imeneyo."

Anadya nkhwani.