Chinangwa cha Masiku Anayi

Mwezi wa Novembala ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja, dzuwa silichita nthabwala. Pofika 9 koloko m'mawa mchenga umakhala utayamba kale kuwotcha mapazi, mpiru wa pamsika utafota, matimati akufewera m'mabeseni. Mango okha ndiwo amakhala ali mbwee, mpaka ogulitsa kuchita kukupempha kuti utengeko. M'nyengo yotereyi munthu wanzeru amagula zinthu zake m'mamawa n'kubwerera kukakhala pamthunzi. Koma Lachitatu lina Zione anafika pamsika dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, akufunafuna chinthu chimodzi chokha: chinangwa chopangira ufa wa kondowole.

Zione anali wa ku Mitundu, kufupi ndi Lilongwe. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi mwamuna wake Gasper, pa nthawi imene Gasperyo ankabwera kudzagulitsa zitenje. Malonda atavuta, banjalo linasamukira kwawo kwa mwamuna pamodzi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Ulemu, mtsikana wa zaka zisanu. Gasper anapeza ntchito yotsitsa katundu padoko la Ndumbi, ndipo ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo.

Zaka ziwiri zinatha Zione asanakonzepo kondowole. Kwawo ku Mitundu chinangwa ndi manyokola, chija chozuna chimene umangosenda n'kumatafuna ukuyenda pamsewu. Za kuviika, kuyanika ndi kusinja iye sankazidziwa. Alamu ake anapezerapo choseketsa. Akakumana pa ukwati kapena pa ubatizo, ankati, "Mpatseni wifi, mlamu wathu wa chimangayo, ntchito yotsuka mbale, ufa wathu ungamulume." Zione ankaseka nawo, koma akafika kunyumba ankalira. Ndiye Gasper atamuuza kuti amayi ake, mayi Veronika a ku Kihagara, abwera Lachisanu kudzacheza, Zione analumbira mumtima kuti apongozi akewo adzadya kondowole wa manja ake.

Kumapeto kwa msika kunkakhala mayi Imelda a ku Lipingo, munthu wachikulire wogulitsa chinangwa cha m'munda mwake. Anali ndi milu iwiri, wina patebulo, wina pansi pa thumba lonyowa. Zione analoza wapansiwo.

"Icho n'chowawa, mwanangu," anatero mayi Imelda. "Chotafuna ndi chophika ndi ichi cha pamwambachi."

"Ndikufuna cha ufa, mama."

Mayi Imelda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Malankhulidwe akowa ndi a tsidya lija. Unayamba waviikapo muhogo, chinangwachi, iwe?"

"Kambirimbiri," anayankha Zione, maso ali kumbali.

"Chabwino. Koma chaka chino mvula inathawa msanga, nthaka yauma gwa, ndiye chinangwachi chalusa kuposa kale. Usende, uviike m'madzi masiku anayi mpaka chifewe chomafinyika ndi chala, kenako uyanike chiume kuti gwa. Uli ndi ana pakhomo?"

"Mmodzi."

"Asayandikire. Ngati sukudziwa bwino, bwera Loweruka kwathu ndidzakuonetse. Kapena gula ufa wokonzakonza, uli apo."

Ufa wogula! Alamu aja akanamva, akanaseka mpaka Khirisimasi. Zione analipira, n'kusenza beseni lake. Panjira anawerenga masiku ndi zala, ndipo masiku anayi a mayi Imelda anakana kulowa pakati pa Lachitatu ndi Lachisanu.

Anapatukira kwa Anjelina, mnzake wa ku Dedza amene ankagulitsa zovala zakaunjika pafupi ndi nyumba yawo. Anjelina anali mmodzi wa anthu aja osasowa yankho, ngakhale pa zinthu zimene sanazigwirepo ndi manja.

"Masiku anayi a chiyani, amake Ulemu?" anatero akudzikupiza ndi katoni. "Zimenezo ndi za mwezi wa Juni, madzi akamazizira. Dzuwa ili likupsetsa mango tsiku limodzi, lingalephere chinangwa? Dula tizidutswa, viika usiku umodzi, mawa uyanike. Lachisanu m'mawa usinje, basi."

"Koma mayi aja anati n'choopsa kwa mwana."

"Amaopseza dala kuti uwagule ufa. Ife tinakula tikutafuna chinangwa chosaphika, tafa?"

Mawu amenewa anamukomera Zione chifukwa ndi amene ankafuna kumva. Anasenda, anaduladula, n'kuviika m'ndowa ziwiri kuseri kwa nyumba. Gasper, amene anakulira pa kondowole, akanatha kumuuza zoona ndi mawu awiri okha, koma Zione anavundikira ndowazo ndi chiguduli kuti mwamunayo adzangodabwa Lachisanu.

Lachinayi m'mawa, Gasper atapita ku Ndumbi, Zione anatsanula madzi aja n'kuyala chinangwa pamphasa pakati pa bwalo. Chinali chikadali cholimba, koma choyera bwino. Ulemu anabwera n'kunjuta pambali, m'mimba muli tiyi yekha.

"Amayi, ichi ndi chija cha kwa agogo ku Mitundu?"

"Chofanana nacho."

"Ndidyeko?"

Zione anatola kachidutswa n'kuluma. Kuwawa kunalipo, koma kwapatali, pakuti madzi a usiku aja anali atakuphimba. Anaganiza kuti Anjelina ananenadi zoona.

"Kamodzi kokha," anatero, n'kumupatsa mwanayo ndi dzanja lake. "Ukhale pamthunzi apa uziingitsa mbuzi. Ndikukagula nsomba ndi matimati a agogo ako, ndikubweretsera mango."

Kumsika anachedwa. Nsomba zabwino zinali zitatha, ndipo anayenda mpaka kumene asodzi amakocheza mabwato kuti akapeze zam'mawa womwewo. Anasankha matimati olimba, anyezi, ndi mango asanu akuluakulu. Ankabwerera akuimba, mtima uli mbee, akuona kale nkhope ya apongozi ake ikumwetulira.

Anapeza mbuzi zili kutali, chinangwa cha pangodya imodzi ya mphasa chitatha, ndipo Ulemu atagona pakhonde atagwira mutu. Pambali pake panali masanzi.

"Amayi, nyumba ikuzungulira," anatero mwanayo ndi mawu otsika.

Zione anakuwa kuitana Anjelina, amene anabwera akuthamanga, nagwira mwanayo pachipumi.

"Dzuwa lamulowa uyu, palibe china. Mugoneke m'nyumba, umufunditse nsalu yonyowa. Likapepa dzuwali adzuka yekha."

"Si chinangwa chija?"

"Iwenso unadya, bwanji sukusanza? Kuchipatala masana ano mukangopsa panjira."

Zione anamvera kachiwiri. Anakhala pamphasa ola lathunthu akunyowetsa nsalu, uku mwana akupuma mothamanga. Mantha anali atamugwira, koma mantha ena, oti anthu adziwa zimene wachita, ndi amene anamukhazika pansi.

Cha m'ma 1 koloko panja panamveka njinga yamoto, kenako mawu akuti, "Hodi!" Anali mayi Veronika, atafika tsiku limodzi lisanakwane lawo, thumba lili pamutu. Asanalonjere n'komwe, maso awo anagwera pamphasa ya pabwalo. Anatula thumba, anatola chidutswa chimodzi, n'kuchifinya ndi chala. Atachigunditsa palilime analavula msanga.

"Mama Ulemu, ichi chagona m'madzi masiku angati?"

"Usiku umodzi, amayi."

"Mwana ali kuti?"

Zione anangoloza chitseko. Mayi Veronika analowa, n'kutuluka mwanayo ali m'manja, akufuulira wa bodaboda amene anali atayamba kale kutembenuza njinga yake. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anathamanga tsiku limenelo ngati mtsikana. Zione anakwera nawo panjingayo.

Kuchipatala anawalandira namwino wina dzina lake Theodora. Atangomva mawu oti chinangwa, sanafunse zambiri. Anaitana dokotala, ndipo analowa ndi mwanayo m'chipinda. Zione anatsala pabenchi, akadali ndi limodzi la mango aja m'thumba la diresi, limene anaiwala kutulutsa. Gasper anafika kuchokera ku Ndumbi fumbi la simenti lili m'tsitsi, n'kuima pakhomo la chipindacho.

Patapita nthawi namwino uja anatuluka pang'onopang'ono. Anagwada patsogolo pa Zione n'kumugwira manja onse awiri.

"Pole sana, pepani mama. Tayesetsa, koma mwana watisiya."

Kulira kwa Zione kunamveka mpaka kumsewu. Anadzigwetsa pansi akuitana dzina la mwana wake, akunena mobwerezabwereza kuti, "Ndinamupatsa ndekha! Ndi dzanja langa ili!" Gasper anatsamira khoma, n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, nkhope ili m'manja.

Amayi amene anali pamzere wa sikelo anasonkhana, ena akulira nawo, ena akunong'onezana. Mmodzi anafunsa mokweza kuti chinangwa, chakudya cha tsiku ndi tsiku, chingaphe bwanji munthu. Namwino Theodora anapukuta misozi yake n'kuwayankha onse pamodzi.

"Amayi, ndimvereni, kuti mawa ndisalandire wina. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo nthaka ikauma ngati chaka chino poizoniyo amachuluka. Dzuwa la tsiku limodzi silimuchotsa, madzi a usiku umodzi samuchotsa. Kuwawa kukachepa pakamwa, musaganize kuti watha. Chisendedwe, chikhale m'madzi masiku anayi kapena kuposa mpaka chifewe, kenako chiume bwinobwino."

"Nanga mayi akewa bwanji sanadwale, poti akuti analawa?" anafunsa mayi wina.

"Wamkulu analuma kamodzi. Mwana thupi lake ndi laling'ono, ndipo anadya zambiri m'mimba muli mbee. China n'chakuti munthu akadya chinangwa n'kuyamba chizungulire, mutu, kusanza kapena kupuma mothamanga, musadikire kuti dzuwa lipepe. Bwerani naye nthawi yomweyo, ndipo munene zimene wadya. Ola limodzi ndi lalikulu."

Ola limodzi lija Zione analimva ngati mpeni. Anjelina, amene anali atawatsatira wapansi, anaima patali pansi pa mtengo, chitenje chili kukamwa.

Atabwerera kunyumba kukakonzekera maliro, Zione anakhala pakona ya khonde akudikira mawu a apongozi ake. Ankadziwa kuti amuthamangitsa, ndipo ankaona kuti n'zomuyenera. Mayi Veronika anatenga khasu, anakumba dzenje kuseri, n'kukwiriramo chinangwa chonse cha pamphasa kuti ana a eni ake angatole. Atasamba m'manja anakoka thumba lawo lija, limene linali likadali pamene analitula, n'kudzakhala pansi pafupi ndi mpongozi wawo.

"Masula," anatero.

Zione anamasula chingwe. M'thumbamo munali ufa wa kondowole, woyera, wosefedwa bwino.

"Ndinauviika ndekha sabata yatha," anatero mayi Veronika. "Ndinafulumira kubwera lero kuti tikhale awiriwiri, popanda alamu ako okuseka. Ndimati lero ndikuonetse kaphikidwe, mawa tipite kumsika ndikakuonetse kusankha, kenako tiviike limodzi."

"Amayi, ndinauzidwa. Mayi ogulitsa aja anandiuza zonse, ine ndinanama kuti ndikudziwa. Ndinkafuna kuti mudzanene kuti ndine mkazi."

"Ndipo unkafuna zimenezo chifukwa cha ndani? Zaka ziwiri ana anga akukuseka pamaso panga, ine ndikuseka nawo. Pakamwa pokusekera tinali napo, pokuphunzitsira tinalibe." Apa anayamba kulira kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. "Walakwa, mwanangu, sindikunamiza. Koma sunalakwe wekha."

Anamukokera pachifuwa pawo, ndipo awiriwo analira limodzi mpaka anthu anayamba kudzaza bwalo. Ulemu anaikidwa Lachisanu, tsiku lomwe agogo ake ankayembekezeka kufika. Ufa umene mayi Veronika anasenza kuchokera ku Kihagara kuti adzaphunzitsire mpongozi wawo ndi umene amayi a mpingo anaphikira anthu a pamaliro.

Phunziro: Chakudya cha kwa eni ake chili ndi malamulo ake, ndipo zofanana maonekedwe si zofanana m'kati. Pogula zokolola pamsika, makamaka m'nyengo yotentha ndi yachilala, funsani wolima ndipo mumvere zimene wanena, pakuti safunsa anadya phula. Chinangwa chowawa chisadyedwe chisanaviikidwe masiku okwanira ndi kuuma bwino, ndipo chiyanikidwe kutali ndi ana. Wodwala atadya chinangwa apite kuchipatala msanga. Ndipo inu odziwa, mlendo akabwera pakati panu muphunzitseni, musamuseke, chifukwa manyazi amene mumamupatsa amatha kulipiridwa ndi mwana wosalakwa.