Moto wa Kuseri kwa Holo

Febby ankasita bulauzi yake ya kwaya pang'onopang'ono, kuyambira pa kolala kutsikira m'mikono, n'kubwereranso pomwe anali atasita kale. Makala a m'simbi anali akuzirala, koma iye sanafulumire. Khutu lake linali pabalaza, pomwe atate ake, a Cephas, ankakangana ndi mlongo wake Gershom.

"Ng'oma muisiye, ba tate. Manje tili na kiyibodi."

"Dzina langa lili pa pulogalamu. Ndakhala ndikuimba mu holo ija pa Khirisimasi iwe ukadali ndi mamina."

Fakitale ya nsalu isanayambe kuchotsa anthu, a Cephas ndiwo ankaimbira ng'oma gulu la antchito. Salaula, zovala zakaunjika, itadzaza msika, ntchito inatha, gulu linabalalika, ndipo holo ija inatengedwa ndi tchalitchi chatsopano chomwe Gershom ankatsogolera kwaya yake. Komiti inasiyira nyimbo zamakolo mpata umodzi wokha, poopa kuti achikulire a ku Esiteti, kunyumba za antchito akale, sabwera. Mpata umenewo ndi womwe a Cephas anaudikira chaka chonse.

Masana holo inadzaza. Anyamata anali atamata thonje m'mawindo kuti lioneke ngati chisanu cha kwa Azungu, ndipo kwaya inkaimba m'Chingerezi za kuzizira, thukuta lili kamukamu. Febby, yemwe anayenera kuimba yekha nyimbo yotsekera ya khanda la m'khola, anaima pafupi ndi zenera lakumbuyo.

Kunali kutagwa mvula m'mawa, choncho chikopa cha ng'oma chinali chitalefuka. Febby anaona atate ake kuseri kwa holo akusonkha kamoto ka makatoni, n'kupendeketsa ng'oma kuti imve kutentha. Ankaigogoda ndi chala, n'kutchera khutu, milomo ikung'ung'udza nyimbo yawo yopalasira bwato ya kumudzi wa asodzi ku Chanyanya.

Nthawi yomweyo magetsi anazima, monga ankachitira pafupifupi sabata iliyonse. Kiyibodi inati zii pakati pa nyimbo. Mayi Dainess, mtsogoleri wa amayi a mapemphero, anatuluka kukaona chomwe chachitika, ndipo anapeza utsi, ng'oma ndi nkhalamba yoyankhula yokha.

"Bwerani muone! Bashoka mankhwala pa moto kuti nyimbo za Mulungu zisamveke!"

Anthu anakhamukira panja, Febby akukankhidwa pakati pawo. Lighton, wolondolera anthu pokhala, anapondaponda motowo ndi nsapato zake zosongoka, n'kulanda ng'oma.

"Mudala, mashabe yanu musiye ku mumana," anatero, kunena mizimu ya kumtsinje. Ena anaseka, ena anayamba kupemphera mokweza, manja atalozetsa kwa a Cephas ngati akuthamangitsa galu.

"Ndimawamba chabe," anatero a Cephas. Mawu awo anamira m'phokoso.

Abusa anafika akupukuta khosi ndi kampango. Anakweza dzanja, anthu n'kukhala chete.

"Gershom, aba ni batate bako. Nichani ichi chamene bachita?"

Gershom anayang'ana tayi yake. "Siniziba, ba Pasita. Ise timabapempherera chabe."

"Ndiye ng'oma iyi ishokedwe," anatero Mayi Dainess. "Machisi yalipo."

A Cephas sanayang'ane abusa kapena ng'oma. Anayang'ana mwana wawo wamwamuna, kenaka anawerama n'kuyamba kusansa phulusa pa buluku lawo la pa Sande.

Ngakhale kusukulu aphunzitsi ankachita kumuuza Febby kuti abwereze, chifukwa yankho lake silinkafika kutsogolo. Anadutsa pakati pa amayi awiri, n'kukaima pamaso pa mlongo wake.

"Uziba, Gershom."

"Iwe, bwerera mu laini."

"Uziba. Ndiwe wenze kubatolera mapepala, ine nenze kugwira machisi. Ng'oma ikamvera mvula imafuna moto kuti ilire, ndiye chabe. Malaiti yanazima na pa Chitatu, ba Dainess, kwenze ng'oma?"

Febby anagwira lamba wa ng'oma ndi manja onse awiri, ndipo Lighton, posafuna kulimbana ndi mtsikana pamaso pa abusa, anaitaya.

"Ba tate bazaimba pamalo pao," anatero Febby. "Ngati simufuna, nyimbo yosilizira aimbe Gershom. Ine nizayenda nabo kunyumba."