Pa Benchi ya Odwala

M'chaka cha 1992 ophunzira zachipatala anabwera ku Machinga kudzazolowera ntchito. Amene ankawaphunzitsa kufunsa odwala za Edzi anali a Japhet, dokotala wachikulire wosalankhulalankhula. Vuto la ophunzirawo linali ulemu. Mnyamata wageni pa sitima ya ku Nayuchi ankamupanikiza ndi mafunso, koma akaona imvi ankangofunsa za chifuwa n'kupereka mankhwala.

Tsiku lina a Japhet anakhala pa benchi ya odwala.

"Lero wodwala ndine. Ndifunseni."

Wophunzira wina, Wyson, anayamba ndi moni, n'kufunsa za kunyumba, kenako za mvula.

"Iwe Wyson," anatero mnzake Zaina, "ukamafika pa matenda chimanga chidzakhala chitacha. Tasuntha."

Zaina anakhala pansi. "Bambo, muli pabanja?"

A Japhet anali atakonza zoti adzitche wogulitsa nsomba wa mitala. Koma pakamwa panatuluka zina.

"Iyayi. Mayi akunyumba, a Scholastica, anatisiya. Akwawo anandisudzula chaka chatha."

Ophunzirawo sankadziwa za moyo wawo, choncho ankayesa nkhani yopeka.

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Yaitali ndithu. Ankangowonda."

"Anayezetsa?"

"Sitinayeze."

"Anayamba apatsidwapo magazi?"

"Pobereka mwana wotsiriza. Nthawi imeneyo magazi sankayezedwa."

"Nanga panopa pali wina amene mukumuganizira?"

Analipo. A Bernadetta, mphunzitsi wa ku Balaka, ankawasungira malo ku Misa, ndipo Loweruka la sabata lomwelo ankhoswe amayenera kukaonekera kwawo. A Japhet sankafuna zambiri. Chimwalirireni Scholastica, m'nyumba munalibe wowafunsa ngati adya.

"Alipo," anayankha.

"Ndiye bambo, ankhoswe asanapite, mukayezetse magazi. Mayiwo asalowe m'nyumba osadziwa." Zaina anaseka, n'kutembenukira kwa Wyson. "Waona? Imvi siziluma. Ndakhoza, adokotala?"

"Wakhoza," anatero a Japhet, n'kudzuka pabenchipo pang'onopang'ono.

M'mawa mwake anatengetsa magazi, amene ankayenera kutumizidwa ku Blantyre. Anauza ankhoswe kuti ayambe adikira, ndipo Loweruka anakwera basi okha. Anapeza a Bernadetta akuyanika zovala kuseri kwa nyumba ya sukulu, atavala chitenje chatsopano chifukwa cha alendo amene ankayembekeza.

A Japhet anafotokoza zonse ali chiimire, chipewa chili m'manja: za magazi a Scholastica, za mayeso, ndiponso kuti zotsatira zikabwera zoipa sadzatumanso munthu.

A Bernadetta anamaliza kuyanika nsalu imene inali m'manja mwawo. Anaiwongola makwinya nthawi yaitali, osawayang'ana a Japhet.

"Zotsatirazo zibwera liti?"

"Sindikudziwa. Zimachedwa."

Patali sitima inalira ikulowa pa siteshoni. A Bernadetta anatola beseni lopanda kanthu, n'kulowera kukhomo. Atafika pakhomopo anaima.

"Mwadya, bambo?"