Zigamba za Malaya a Vukašin

Malaya a Vukašin anali atatsala kolala yokha. Anamwino ndi madokotala anzake ankalimbirana zigamba, monga timachitira kuno ku Serbia mwamuna akakhala bambo. Poti anali mapasa, anang'amba mosanyengerera.

Profesa Stanojlović, amene ankamuphunzitsa maopaleshoni chaka chachinayi tsopano, anatulukira akununkha kachasu wa rakiya, n'kuthothola kolalayo.

"Amuna ndi awa! Awiri nthawi imodzi!"

Vukašin anaona ngati mpata ndi womwewo. Anatulutsa pepala m'thumba la thalauza.

"A Profesa, ndikupempha tchuthi cha miyezi itatu. Mkazi wanga Dunja sanachire bwino, sakutha n'kudzuka komwe. Ana alibe wowanyamula."

Profesa anawerenga pepalalo atalitalikitsa ngati likununkha.

"Ukawayamwitsa chiyani, mwanawe? Apongozi ako anafa?"

"Anamwalira, inde."

Munthu wamanyazi akanatsokomolako. Koma mdala ameneyu ayi ndithu.

"Ine mwana wanga akubadwa, ndinali nditagwira chiwindi cha munthu m'manja. Ndinakamuona patatha sabata." Ankanena modzitama, ngati ndi mendulo. "Watsala ndi maopaleshoni makumi anayi kuti ulembe mayeso. Ukachoka lero ndikufufuta pabolodi la maopaleshoni, ndipo ukadzabwera uzidzangogwira nyali mpaka imvi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Anang'amba pepalalo pakati, mmene anang'ambira malaya muja. Anzake aja, omwe ankakuwa posachedwapa, anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Amantha okhaokha, aliyense ndi kachigamba kake m'manja.

Mayi Radmila, mlembi wa profesayo kwa zaka makumi awiri, anatsegula kabati osadzutsa n'komwe mutu.

"Mapepala a tchuthi ndimasindikiza atatu, dokotala. Loyamba amang'amba nthawi zonse. Lachiwiri ndapereka kale ku ofesi yaikulu m'mawa uno, adinda. Ili ndi lanu. Atsikana onse opempha tchuthi cha ana anadutsa pomwepa, mwamuna ndinu woyamba."

Profesa anafiira mpaka m'makutu. Anapita pabolodi, n'kufufuta dzina la Vukašin ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone.

Zinamupweteka Vukašin, tisaname. Zaka zinayi si masewera. Koma anapinda pepala lake, n'kuyamba kuyenda kwa anzake aja mmodzimmodzi, dzanja atatambasula.

"Ndibwezereni zigamba zanga," anatero. "Kunyumba zikapukuta ana."

Onse anabweza. Kolala yokha anaisiya m'manja mwa profesa.