Ambulera ya Kuseri kwa Chitseko

Bambo aja ankadziwika ndi dzina lakuti a Mukudziwa, ndipo dzinalo anachita kulikhetsera thukuta. Pa ntchito anali okonza mawailesi ndi ma TV, koma chimene Mulungu anawatumira pansi pano, m'kuona kwawo, chinali kuuza anthu zinthu zimene anthuwo sanafunse. Filimu ikangoyamba, munthu woyamba asanafe n'komwe, ankatola limoti, n'kuimitsa chithunzi, n'kutembenuka ndi nkhope ya munthu amene watola chikwama pamsewu.

"Kodi mukudziwa kuti wadaziyu, amene ali woweruza munomu, ndi yemwe uja anali wakuba nkhuku mu sewero la Lachinayi? Nanga uyu akuti ndi mayi akeyu, kunja kuno ndi wamng'ono kwa iye ndi zaka zitatu."

Palibe ankadziwa, ndipo palibe ankafuna kudziwa. Koma a Mukudziwa ankadziwa kuti galu wa mufilimu ina anali mwana wa galu wa mufilimu inzake. Ankadziwa mkulu wina amene anafa kakhumi n'kamodzi m'mafilimu osiyanasiyana, kawiri konse atagwa pa masitepe omwewomwewo. Munthu ankamuzindikira ndi khutu lokha, kapena nkhongo, ali m'kati mwa chigulu cha anthu pa maliro. "Diso langali silitaya munthu," ankatero akugogoda chikope ndi limoti. Tsiku lobadwa la mwana wawo yekhayo ankachita kukumbutsidwa, koma zimenezo n'zazing'ono, akuti anthu anzeru kwambiri amatero.

Akazi awo, amene pa mdadada wonsewo ankangowatchula kuti Atelala, anamva mawu a diso losataya munthuwo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi iliyonse akawamva ankaluma ulusi mwamphamvu kuposa mmene ulusiwo umafunira.

Chifukwa chake chinali ichi. Ali mtsikana, akuphunzira zosoka, tsiku lina anapeza msewu wa kusukulu kwawo utatsekedwa ndi anthu ojambula filimu. Mkulu wina wa chimkuzamawu ankasankha anthu odutsa kuti azingoyenda kumbuyo kwa osewera enieni. Anamuloza mtsikanayo, n'kumupatsa ambulera yobiriwira ya chogwirira chosema ngati mutu wa bakha, n'kumuuza kuti awoloke msewu, ayang'ane kumanzere, kenako atembenuke n'kumapita. Mvula inali ya mu paipi, ya ozimitsa moto. Anawoloka kasanu ndi kawiri mpaka mano kugwedezeka, ndipo pamapeto pake mayi wina woyang'anira zovala anamumvera chisoni n'kumuuza kuti apite nayo ambulerayo, asauze munthu.

Filimuyo ndi imene a Mukudziwa ankaikonda kuposa zonse. Panyumbapo ankangoitchula kuti ya Basi. Anaionera pa tepi mpaka tepiyo kuduka, anaigula pa CD, tsopano inali pa fulashi yomangiriridwa ku makiyi. Ndipo pa mphindi ya makumi anayi ndi imodzi ankaimitsa ndithu, pomwe pali mtsikana wa ambulerayo, kuti afotokoze zoti dalaivala wa basi yakumbuyoyo anali mlamu wake wa mkulu wojambula.

Poyamba Atelala anangokhala chete mwadala, ali pa chibwenzi, poganiza kuti mnyamata wa diso lotereyu adzadumpha yekha n'kukuwa, ndipo zidzakoma. Ukwati utalowa m'chaka chachitatu, chetelo linasanduka manyazi: unganene bwanji lero chinthu chimene sunanene dzana? Kenako linasanduka muyeso. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo anadekha mpaka imvi, ndipo nkhono yawo inali isanatulutsebe ngakhale nyanga imodzi. Mwana wawo wamkazi anazindikira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atangoona kamodzi, ndipo mayi ake anamulumbiritsa kuti asanene.

Ambulerayo inkakhala kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Atelala anaiika chigamba chachikasu pomwe inang'ambika. A Mukudziwa ankaitenga mwezi ndi mwezi kukakodolera mlongoti wa TV ukapendekeka ndi mphepo, n'kuibweza osaiyang'ana.

Tsono chaka chimenecho achemwali awo a Atelala, amene anali ndi shopu yosoka madiresi a ukwati mumzinda wina wakutali, anawaitana kuti akagwire limodzi ntchito. Anati pali chipinda, pali makina atsopano, ndipo maso awo ayamba kufooka. Atelala anawauza amuna awo nkhaniyi katatu. Katatu konse TV inali yoyatsa, ndipo katatu konse yankho linali lakuti, "Eya, zili bwino. Taonani uyu wa chipewayu."

Anagula tikiti ya basi ya Lamlungu, yonyamuka folo koloko madzulo. Analongedza sutikesi n'kuiika m'khonde lopita kubafa, pomwe a Mukudziwa anaidumpha masiku awiri ngati ndi mwala wa m'njira. Koma mtima wa munthu ndi chitsiru, sutopa kupemphetsa. Atelala sankafuna kupita. Ankafuna kuonedwa, kamodzi kokha, ndi munthu amene anagona naye bedi limodzi kuposa theka la moyo wawo. Choncho anapangana ndi mtima wawo kuti Lamlungu limenelo, ngati bamboyo awazindikire pa mphindi ya makumi anayi ndi imodzi ija, ang'amba tikitiyo n'kumasula katundu. Akapanda kutero, basi ija sidikira munthu.

Mwayi unalipo, chifukwa tsikulo kunkabwera mwana wawo ndi mwamuna wake watsopano, ndipo munthu aliyense wolowa m'banja limeneli ankayenera kubatizidwa ndi ya Basi. Anadya msanga. Thu koloko itakwana, a Mukudziwa anatseka makatani a mbali ya dzuwa, ngakhale kunja kunali kutachita mdima wa mvula, n'kukhala pa mpando wawo wa pakati, n'kuika limoti pa bondo.

"Lamulo la muno ndi limodzi, achimwene," anamuuza mkamwiniyo. "Filimu ikayamba sitiyankhula."

"Chabwino, abambo."

Pa mphindi yachiwiri anaimitsa.

"Kodi mukudziwa kuti wapolisiyu ndi wogulitsa matikiti uja amene tiwaone kutsogoloku, anali pabanja? Ukwati unatha ali m'kati mojambula. N'chifukwa chake simuwaona atayima limodzi."

"Sindimadziwa, abambo."

"Mukanadziwira kuti."

Atelala anakhala pafupi ndi zenera, akupinda m'munsi mwa siketi ya kasitomala wina imene anafuna kuisiya itatha. Ankayang'ana wotchi ya pakhoma imene amuna awo analonjeza kuikonza chaka chatha, n'kuchotserapo mphindi khumi zimene inkathamangira. Filimu ya ola limodzi ndi theka inkatha maola atatu m'nyumba imeneyi. Pofika hafu pasiti filii, mkamwini anali ataphunzira kuti mwana wolira pa depoti uja anakula n'kukhala wowerenga nkhani, kuti galasi losweka lija linali la shuga, ndiponso kuti jekete la wakubayo linavalidwapo ndi m'busa mu sewero lina. Ankagwedeza mutu ngati mbuzi yomangidwa pafupi. Kunja mvula inayamba kuwaza.

Kenako pa TV panaoneka msewu uja. Basi inaima, mvula ya mu paipi inakhuthuka, ndipo mtsikana wa diresi loyera anatulukira kumanja atafunda ambulera yobiriwira, phewa lakumanzere litatsika pang'ono. Anafika pakati pa msewu n'kuyang'ana kuno. A Mukudziwa anaimitsa pomwepo.

Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Mkamwini anayang'ana TV, anayang'ana apongozi ake aakazi, anayang'ananso TV, n'kutsegula pakamwa. Mkazi wake anamutsina pantchafu, ndipo pakamwapo panatsekeka.

"Lero sindinena za dalaivala," anatero a Mukudziwa. Anaimirira, zimene sankachita kawirikawiri, n'kuyandikira TV. "Lero ndili ndi chatsopano. Ndakhala ndikuonera filimu iyi zaka zonsezi, ndipo chinthu ichi chinali pamphuno panga penipeni. Ndachita nacho manyazi. Amayi, tasiyani kusokako. Tamuyang'anani mtsikana uyu."

Singano inawabaya Atelala pachala ndipo sanamve. Mtima unagunda ngati wa mtsikana wa pa TV uja. Anakondwa, tisabise, anakondwa mpaka kuwakhululukira bamboyo zaka zonse zija nthawi imodzi, ndi za mlongoti zomwe.

"Ndikumuona, abambo," anayankha motsitsa.

"Mwaona chimene wanyamulacho?" Chala cha a Mukudziwa chinadutsa pankhope ya mtsikanayo, n'kuiphimba, n'kukaima pa chogwirira. "Mutu wa bakha. Ambulera imeneyi ndi yomwe ija ankayenda nayo sing'anga wabodza mu sewero lakale la Loweruka. Inaonekanso pa ukwati mufilimu ya asodzi ija. Katatu. Koma chodabwitsa n'chakuti, itangotha filimu iyi, sinaonekenso paliponse. Ndafufuza mwezi wathunthu. Palibe akudziwa komwe inapita."

Mwana wawo anayang'ana pansi. Mkamwini, amene anali asanaphunzire kuti m'banja lino chifundo chimangowonjezera ntchito, anayesa kuthandiza.

"Nanga mtsikanayo, abambo, ndi ndani?"

"Ameneyo? Palibe. Ndi anthu ongotoledwa pamsewu awa, achimwene, ongodzazitsa chithunzi. Ngakhale pa mayina a kumapeto salembedwa. Musamataye nawo nthawi."

Atelala anamaliza kupinda siketi ija, chifukwa sanali munthu wosiya ntchito ya mwini ili theka. Analuma ulusi, anabaya singano pa kansalu kake, n'kuimirira. Anapita kuseri kwa chitseko, natenga ambulerayo, naitambasula pakati pa balaza, pakati pa amuna awo ndi TV. Fumbi la pa mlongoti linagwera pa tebulo.

A Mukudziwa anaiyang'ana. Tiwapatse ulemu wawo, diso lija linagwira ntchito nthawi yomweyo. Anagwira mutu wa bakhawo, nayang'ana pa TV, nawerenga nthiti za ambulerayo ndi chala.

"Ndi yomweyi," ananong'ona. "Chigambachi n'chatsopano, koma ndi yomweyi. M'nyumba mwanga muno." Anakweza maso n'kuwayang'ana akazi awo kumaso, ndi chidwi chimene Atelala anali asanachionepo chikwatiwire. "Amayi, kumbukirani bwinobwino. Amene anakugulitsaniyo anali munthu wooneka bwanji?"

Mwana wawo anatulutsa kamawu kokhala ngati kuseka, koma sikanali kuseka.

"Anali mtsikana wopusa," anatero Atelala. "Wodikira zinthu."

Anaichotsa ambulerayo m'manja mwa amuna awo, osalimbana nawo. Anatenga sutikesi m'khonde muja. Anamuuza mwana wawo kuti siketiyo mwini wake abwera Lachiwiri, ndipo mankhwala a abambo ake a kuthamanga kwa magazi ali pamwamba pa filiji, ndi kamodzi m'mawa. Mkamwini anadzuka kuti awanyamulire katundu, iwo anakana, nati depoti ndi pafupi.

"Mukupita kuti filimu isanathe?" anafunsa a Mukudziwa.

"Kwa achemwali. Ndinakuuzani katatu."

"Ndiye ambulerayo musapite nayo, mvula ingaiwononge."

Chitseko chinatsekeka bwinobwino, popanda kumenyetsa.

A Mukudziwa anapita pa zenera, limoti ili m'manja, n'kukankha katani kuti aone ngati chuma chawocho chikugwiridwa mosamala. Mvula inali itakula. Kunsi kwa nyumba, mayi wina anatulukira kumanja atafunda ambulera yobiriwira, phewa lakumanzere litatsika pang'ono. Anafika pakati pa msewu, anayang'ana kumanzere ngati kukubwera galimoto, kenako anatembenuka n'kumapita. Zenera linali la ngodya zinayi, munthuyo anali patali ndiponso sankayankhula nawo, choncho diso losataya munthu lija linamuona.

"Kodi mukudziwa kuti..." anayamba.

"Tikudziwa, abambo," anatero mwana wawo.

Dzanja la a Mukudziwa linachita chinthu chokhacho chimene linkadziwa. Linakweza limoti, n'kuloza pa zenera, n'kudina batani loimitsira. Mayi wa mumsewu uja sanaime. Koma kumbuyo kwawo, pa TV, mtsikana amene anali ataima nthawi yonseyi anatembenuka, nayenso n'kutuluka m'chithunzi.